Mangani msewu woti akati imani mawa, usawonongeke

Kalata yoti tiimitse ntchito chifukwa cha mliri wa COVID-19 inatipeza tili ndi makilomita pafupifupi atatu a msewu ali chitsegukire. Miyala ya base, gawo la pansi pa phula, tinali titayala kale, titaithira madzi, titaitsendera, a ku labotale atayeza n'kuvomereza. Chinatsala ndi phula basi. Tinali titagwirizana kuti tithira sabata yotsatirayo, chigawo chonse pa ulendo umodzi, poti kutenthetsa phula kawiri kumadya dizilo. Patapita masabata asanu, atatilola kubwerera, ndinaima poyambira chigawocho kukamwa kuli yasa. Madalaivala anali atasuntha migolo yotchingira ija n'kumadutsa pamwamba pomwepo, mvula inali itagwa kangapo, ndipo pamene panali see panali mikwasa ya matayala ndi timaenje todikha madzi. Ndinapondapo ndi jombo, miyala n'kusuntha. Tinagalauza chigawo chonsecho n'kuyambiranso, ndipo palibe anatilipira kawiri.

Bungwe la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo m'masabata otsatirawo maboma ambiri anatseka malire, analetsa maulendo, ena anaimitsiratu ntchito zomanga. Tikamakamba zokonzekera mliri, ambiri timathamangira ku masiki, ndowa ya madzi ndi sopo pa geti. Zimenezo n'zofunika ndithu, ndipo ndizikhudza. Koma chimene chinatipweteka kwambiri ife chinali choti ntchito yathu tinaikonza ngati kuti siidzaima. Chiyambire nthawi imeneyo, ntchito iliyonse imene ndapatsidwa kuti ndiyang'anire ndimaiyamba ndi funso limodzi, ndipo ndimalifunsanso Lolemba lililonse: akati imani mawa m'mawa, chiwonongeke n'chiyani? Zonse zimene ndalemba apazi zatuluka m'funso limeneli.

Musatsegule chimene simungathe kutseka

Msewu umamangidwa mosanjikiza, ndipo gawo lililonse limatetezedwa ndi lapamwamba pake. Dothi lotsendera limadikira sub-base, sub-base imadikira base, base imadikira phula. Gawo limene lili pamtunda opanda chofunda ndilo limadyedwa ndi mvula, dzuwa ndi matayala. Tsono chizolowezi chathu ambiri n'choti makina ofukula amathamanga kutsogolo makilomita khumi, a base ali pakati, a phula ali kumbuyo kwenikweni. Pa lipoti la mwezi zimaoneka ngati ntchito ikuuluka. Koma mtunda wonse wa pakati pa makina oyamba ndi omalizawo ndi ngongole imene mudzalipire tsiku limene ntchito idzaime.

Fupikitsani mtunda umenewu. Muyeso wanga ndi uwu: msewu wotsegula usapose umene gulu lanu lingautseke m'masiku atatu kapena anayi, ngakhale anthu atachepa ndi theka. Khalani pansi ndi folomani wa base ndi wa phula, muwafunse kuti pa tsiku amatseka mamita angati zinthu zikamayenda mwa masiku onse, osati pa tsiku lija anaphwanya rekodi. Yankho lawolo ndilo likuuzeni kutalika kwa chigawo. Base ikangovomerezedwa, thirani pulayimu, phula lamadzimadzi loyamba lija, osadikira kuti chigawo chikule. Pulayimu imafuna tsiku limodzi kapena atatu kuti ilowe n'kuuma, malinga ndi nyengo. Mukaona kuti kuima kukhala kotalika kapena magalimoto adzadutsapo, wazanipo mchenga wa kwale, kapena pemphani injiniya woyang'anira akuloleni kuika chiphimbo chimodzi cha phula ndi timiyala. Ndi ndalama, inde, koma sizingafanane ndi kugalauza.

Pamene mwasakaniza simenti ndi dothi kapena miyala pali changu china. Simenti akangokhudza madzi, muli ndi maola ochepa oti muyale ndi kutsendera, kenako gawolo limafuna kukhala lonyowa kwa masiku asanu ndi awiri. Ngati mphekesera zoti kutsekedwa zayamba kumveka, musayambe chigawo chotere pokhapokha mutadziwa amene adzayendetse bauza, galimoto yothira madzi, sabata yonseyo. Konkire ndi chimodzimodzi. Musayambe kuthira silabu ya mlatho popanda kugwirizana ndi injiniya malo amene mungadulire zinthu zikavuta pakati.

Madzi ndiwo mdani wamkulu wa msewu wosiyidwa. Ngalande za m'mbali, makalavati ndi njira zotulutsira madzi zizitsogola, zisamatsalire ngati ntchito yomalizira. Kalavati yokumbidwa koma yosakwiriridwa imasanduka dziwe, ndipo dzenje losatchinga m'mbali mwa msewu umene aulonda achepa lingathe kumeza mwana. Msewu wolambalala umene mwapatutsirako magalimoto muuone ngati gawo la ntchito yeniyeni. Ukakumbika, madalaivala sadikira chilolezo cha wina aliyense, amabwerera pa msewu watsopano, monga anachitira kwa ife.

Lembani pepala limodzi lokha la momwe mungaimitsire ntchito pa maola 48, lipachikidwe mu ofesi ya pa saiti. Linene amene adzakwirire maenje, amene adzaike zikwangwani, kumene makina adzasonkhanitsidwe, ndi mayina a kagulu kotsala: woyendetsa giredala mmodzi, wa bauza, makaniko, alonda ndi folomani mmodzi. Kagulu kameneka kapezereni makalata owaloleza kuyenda zinthu zisanafike povuta, chifukwa lamulo likatuluka aliyense amakhala pa mzere womwewo. Musaiwale makina a phula. Mapaipi ndi timabomba topopera titsukidwe tsiku lomwelo, phula likaumiramo mudzataya masiku mukuwotcha ndi kugogoda.

Anthu amene palibe wowalowa m'malo

Tengani ndandanda ya antchito anu, muike chizindikiro pa dzina la aliyense amene atapanda kubwera kwa masabata awiri ntchito ingaime. Mudzadabwa kuti mayinawo ndi ochepa, ndipo ambiri si a mu ofesi. Woyendetsa giredala yomalizira levulo, amene amamva ndi m'chiuno kuti pano patsala mamilimita khumi. Saveya. Munthu wa ku labotale amene amayeza kulimba kwa dothi. Woyendetsa peva, makina oyala phula. Wamagetsi wa pa makina ophikira phula kapena ophwanya miyala. Makaniko amene amadziwa mahayidiroliki. Pamene COVID-19 inkayamba, munthu amene wakhudzana ndi wodwala ankabindikiritsidwa masiku 14. Anthu awiri okha mwa amenewa akabindikiritsidwa nthawi imodzi, anthu zana amangokhala pansi pa mtengo, makina ali zii.

Mankhwala ake ndi kuphunzitsa wachiwiri, ndipo kumafuna nthawi, choncho yambani pamene zinthu zili bwino. Opareta wa rola amene ali ndi dzanja labwino muzimukweza pa giredala ola limodzi madzulo aliwonse, ayambire pa msewu wolambalala pamene kulakwitsa sikuwononga kanthu. Wogwira sitafu, ndodo yoyezera ya saveya, aphunzire kuimika chipangizo choyezera levulo ndi kuwerenga. Akatswiri ena sakonda kuphunzitsa, amaopa kuti akukumba dzenje lawo lomwe. Ndimawamvetsa. Muwauze poyera kuti ntchito yawo ili pomwepo, ndipo muwapatse kangachepe ka uphunzitsi pa malipiro awo. Ngati makina ena amadalira katswiri wochokera kunja kwa dziko, konzani zoti akabwera asamagwire yekha, anthu anu awiri azikhala pambali pake ndi kope, chifukwa ndege zikaima sadzabwera.

Pali nkhani ina imene ndimaiona kuti ndiyo mutu wa zonse, ya malipiro a munthu wodwala. M'mawa wina ndinaona bambo wina wa giredala, wachikulire, amene tinkamudalira pa levulo, atatsamira tayala akupukuta thukuta kunja kukuzizira. Ndinayandikira.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Maso anuwa sakundisangalatsa."

"Ndadzuka bwino, bwana. Ndi fumbi la dzuloli basi."

"Ndiuzeni zoona. Kuyambira liti?"

Anayang'ana pansi kanthawi. "Lero ndi lachitatu. Koma ndikapita kunyumba masabata awiri, ana adya chiyani?"

Masiku atatu onsewo anali atakwera lole imodzi ndi anzake oposa makumi awiri. Sindinawadzudzule, chifukwa dongosolo la malipiro limene tinali nalo ndilo linawaphunzitsa kubisa: wagwira walandira, wajomba wataya. Dongosolo lotere limathandiza matenda kuyenda. Tsiku lomwelo ndinalimbana ndi akuluakulu anga mpaka tinagwirizana kuti aliyense wodwala kapena wobindikiritsidwa azilandira malipiro ake, aganyu omwe, ndipo tinalengeza pa msonkhano wa m'mawa kuti aliyense amve ndi makutu ake. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera okha kudzanena kuti m'thupi simuli bwino. Ndalama imeneyi iikeni mu bajeti pochita tenda. Kamfuti koyezera kutentha kwa thupi pa geti kali ndi ntchito yake, koma anthu ambiri otenga COVID-19 sankatentha thupi n'komwe, ndipo wofuna kubisa amamwa mankhwala asananyamuke. Chimene chimagwira ntchito ndi munthu kunena yekha, ndipo amanena akadziwa kuti sataya kanthu.

Kumene matenda amayendadi

Ntchito ya msewu ili ndi mwayi umodzi: imachitikira panja, mphepo ikuwomba, anthu atatalikirana. Pa matenda oyenda mu mpweya, pamsewu penipenipo si pamene pali choopsa chachikulu. Choopsa chili mu lole yotenga anthu m'mawa, m'chipinda chogona anthu asanu ndi atatu mawindo ali chitsekere, mu kontena ya ofesi, ndi pamene anthu amaunjikana nthawi yopuma. Ku Singapore mu 2020, odwala ochuluka kwambiri anali antchito ochokera kunja ogona m'nyumba zodzadza, ambiri mwa iwo a ntchito zomanga. Dziko la zipatala zabwino chotero linagwidwira pa malo ogona. Ndiye ndalama zanu zoyamba zipite kumeneko.

Gawani anthu m'magulu osasakanikirana, ndipo kugawako kukhale kwenikweni. Gulu la ngalande likhale ndi galimoto yake, malo ake ogona, zida zake, nthawi yake yopuma. Gulu la base chimodzimodzi, la phula chimodzimodzi. Cholinga n'choti mmodzi akapezeka ndi matenda, mubindikiritse anthu khumi ndi awiri, osati saiti yonse. Zimakanika pa zinthu zazing'ono: folomani mmodzi woyendera magulu onse, makaniko wolowa m'kabini iliyonse, kalaliki woitana mayina amene aliyense amagwira cholembera chake. Amenewa ndiwo milatho ya matenda. Folomani aziyankhula ndi magulu ena pa wayilesi kapena ataima patali panja, ndipo folomani ndi wachiwiri wake asamakwere galimoto imodzi. Makina aliwonse akhale ndi opareta wake mmodzi. Lole iziyenda maulendo awiri m'malo mwa umodzi, tenti ya kumbuyo itapindidwa m'mbali kuti mphepo izidutsa. Ku kampu patulani chipinda chimodzi kapena ziwiri zokhala ndi chimbudzi chakechake, zikhale zopanda munthu ngakhale ena adandaule kuti malo akungokhala.

Musamangirire dongosolo lanu pa COVID-19 yokha. Mliri wotsatira sudzabwera ndi nkhope yomweyo. Ebola imene inavuta kumadzulo kwa Africa kuyambira 2014 mpaka 2016 inkafala pokhudza magazi ndi madzi ena a m'thupi la wodwala. Kolera imayenda m'madzi akumwa ndi m'zimbudzi zosasamalika. Njira zodzitetezera zimasiyana, ndipo zimenezo mudzazimva kwa azaumoyo nthawi yakeyo. Koma magulu osasakanikirana, madzi aukhondo, chipinda chopatula ndi malipiro a wodwala zimathandiza pa yonse. Pitani ku chipatala chapafupi ndi saiti ntchito ikamayamba, mudziwane ndi amene akuyang'anira, mutenge nambala yawo. Katemera akapezeka, pemphani azaumoyo abwere pa saiti mu nthawi ya ntchito, ndipo inu atsogoleri mukhale oyamba kupinda malaya. Anthu okhala m'mbali mwa msewu nawonso muwaganizire. Mliri ukavuta amakuonani ngati alendo obweretsa matenda, ndipo mantha awo si opanda pake. Kumanani ndi atsogoleri awo msanga, muwafotokozere zimene mukuchita, musadikire kuti adzakutsekereni njira ya kokumba gelevulo.

Katundu

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Katundu amene ali pa sitima kapena pa malire si wanu. Phula limachokera ku zotsalira poyenga mafuta, tsono mu 2020 magalimoto ndi ndege zitaima, malo ambiri oyengera mafuta anachepetsa ntchito, ndipo ena mwa ife tinayamba kusowa phula pamene mafuta anali mbwee pa msika. Mu 2021 makontena anasowa, mtengo wotumizira katundu pa nyanja unakwera kwambiri, ndipo mu Malichi chaka chomwecho sitima ya Ever Given inatseka ngalande ya Suez pafupifupi sabata yathunthu. Kachitsulo kakang'ono ka pampu kamene kale kankafika m'masiku khumi kankatenga miyezi.

Si katundu yense amene mungaunjike, ndiye muyenera kusankha. Miyala ya kwale, mchenga ndi gelevulo siziwola. Makina ophwanya miyala azikhala patsogolo pa ntchito ndi mwezi wathunthu kapena kuposa, milu yake itaikidwa pamalo ouma, yosasakanikirana. Phula lolimba la m'migolo limakhala nthawi yaitali osasintha, choncho ngati ndalama zilipo, limeneli ndilo loyamba kugula mochuluka. Emulsion, phula losakaniza ndi madzi, ndi ina: phula lake limadikha pansi pakapita miyezi yochepa, migolo yake imafuna kugubuduzidwa kawirikawiri, ndipo musagule yoposa imene mugwiritse ntchito posachedwa. Simenti wa m'matumba amayamba kutha mphamvu akakhalitsa. Muikeni pa mapaleti, kutali ndi khoma, matumba osaposa khumi kupita m'mwamba, woyamba kulowa akhale woyamba kutuluka, ndipo amene wapitirira miyezi itatu ayezedwe kaye asanalowe mu mlatho. Ndinaonapo anzathu ena atagula simenti wodzadza shedi chifukwa cha mantha, n'kudzapeza theka lake lili miyala.

Za masipeya funsani makaniko wanu, osati kabuku ka kampani yopanga makina. Iye amadziwa zimene zimafa kawirikawiri pa makina anuwo: mafiluta, mapaipi a hayidiroliki, malamba, mipeni ya giredala, mano a ekisikaveta, mabeyaringi ndi masefa a makina ophwanya miyala. Pa katundu aliyense wofunika khalani ndi wogulitsa wachiwiri, ndipo musangolemba dzina lake m'kope. Mugulenikoni pang'ono kuyambira pano, katundu wake ayezedwe, injiniya amuvomereze. Kuvomereza gwero latsopano la miyala kapena mtundu wina wa phula kumatenga masabata, ndipo simufuna kuyamba zimenezo labotale itatsekedwa. Onetsetsaninso kuti awiriwo sadutsa pa doko limodzi kapena malire amodzi, apo ayi ndiye kuti mukadali ndi mmodzi.

Kalata ya masiku 28

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene makontirakitala ambiri abwino anataya ufulu wawo ali chigonere. Misewu yambiri ikuluikulu imamangidwa pa kontirakiti za FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse limene limalemba mabuku a kontirakiti, ndipo ndikamba za buku lofiira la 1999 limene ndalizolowera. Ngati yanu ndi ina, fufuzani ndime zofanana nazo, ndipo werengani ndime zapadera za kontirakiti yanu chifukwa nthawi zambiri zimasintha zimene zili m'bukumo.

Ndime 20.1 imati kontirakitala akaona kuti ayenera kuwonjezeredwa nthawi kapena ndalama, apereke chidziwitso kwa injiniya pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anadziwa za vutolo, kapena pamene anayenera kudziwa. Akachedwa, nthawi siwonjezeredwa, ndalama salandira. Mu 2020 ambiri ankati, dziko lonse likudziwa kuti kuli mliri, kalata ndi yachiyani? Komatu kontirakiti simvera wayilesi. Imafuna kalata yochokera kwa inu, yonena chimene chachitika ndi ndime imene mwaimapo. Lembani kalata imeneyi lero, musiye malo a deti ndi a chochitikacho, muisunge. Ndipo chochitika chilichonse chikhale ndi kalata yake: kutsekedwa kwa malire, lamulo lochepetsa anthu m'galimoto, kubindikiritsidwa kwa gulu la phula.

Ndime imene mwasankha ndiyo imanena chimene mudzapeze. Ndime 8.4 imatchula mliri mwachindunji: kusowa kwa antchito kapena katundu kosayembekezeka chifukwa cha mliri kapena zochita za boma. Imeneyi imakupatsani nthawi, kutanthauza kuti simudzadulidwa chindapusa cha kuchedwa, koma payokha sikupatsani ndalama. Ndime 19, ya Force Majeure, kutanthauza zochitika zazikulu zimene mbali zonse sizikanatha kuziletsa, imafuna chidziwitso pasanathe masiku 14, ndipo pa mndandanda wa zitsanzo zake mliri sunatchulidwe, ngakhale mndandandawo sunatseke khomo. Kumeneko nthawi mukhoza kuipeza, koma ndalama ndi zovuta. Imanenanso kuti ntchito ikaima masiku 84 otsatizana, mbali iliyonse ikhoza kuthetsa kontirakiti, choncho muziwerenga masikuwo. Khomo limene ambiri analiiwala ndi ndime 13.7, ya kusintha kwa malamulo a dziko. Boma likakhazikitsa lamulo latsopano pambuyo pa Base Date, deti la masiku 28 lisanafike tsiku lomaliza lopereka tenda, loti anthu asayende usiku kapena galimoto inyamule theka, ndipo lamulolo lakuwonjezerani nthawi ndi ndalama, ndime imeneyi imalola zonse ziwiri. N'chifukwa chake muyenera kusunga chikalata chenicheni cha lamulo lililonse ndi deti lake, osati uthenga wongotumizirana pa foni. M'buku la 2017 manambala anasuntha, kuwonjezera nthawi kuli pa 8.5, kusintha kwa malamulo pa 13.6, Force Majeure inasanduka Exceptional Events pa ndime 18, koma masiku 28 aja akadalipo.

Chidziwitso chopanda umboni sichipita patali. Buku la tsiku ndi tsiku la pa saiti lizilembedwa tsiku lomwelo: anthu angati anabwera, angati sanabwere ndipo chifukwa chiyani, makina ati anaima kuyambira ola liti, katundu uti anayenera kufika. Woimira injiniya azisayinira. Zolemba pambuyo pa miyezi isanu ndi umodzi, mukukumbukira, zimaonekeratu.

Kwa amene mukusayina kontirakiti zatsopano, dziwani kuti mawu oti "kosayembekezeka" aja asintha kulemera. FIDIC imayeza ndi zimene kontirakitala wodziwa ntchito akanatha kuziganizira pa tsiku lopereka tenda. Pambuyo pa 2020, n'kovuta kuima pamaso pa anthu n'kunena kuti mliri simunauganizire. Ndiye kambiranani zisanachitike, zilowe m'ndime zapadera: ntchito ikaimitsidwa ndi boma, makina ongokhala alipira ndani, kampu ndi alonda alipira ndani, zodzitetezera zili pa mzere uti wa bilu ya mitengo ya ntchito. Kwa eni ntchito ndinene mosabisa: kukankhira mtolo wonse pa kontirakitala kumaoneka ngati kupambana pa tsiku losayina, koma akagwa pakati pa ntchito, mudzatsala ndi msewu wotsegula ndi tenda yatsopano yodula kuposa yoyamba.

Ndalama ndi siginecha

Ntchito zambiri sizinaphedwe ndi matenda, zinaphedwa ndi satifiketi ya malipiro imene inagona pa tebulo mu ofesi yotseka. Gwirizanani ndi injiniya ndi mwini ntchito, molemba, kuti zinthu zikavuta miyeso ya mwezi, masatifiketi ndi makalata zidzayenda pa imelo ndipo zidzakhala ndi mphamvu yofanana ndi za papepala. Aliyense wosayina akhale ndi wina wopatsidwa mphamvu yosayina m'malo mwake. Ngati kontirakiti yanu imalola kulipiridwa pa katundu amene wafika pa saiti asanagwiritsidwe ntchito, monga ndime 14.5 imanenera, gwiritsani ntchito mwayi umenewu, ndiwo ungakuthandizeni kugula phula lija. Mukhoza kupemphanso kuti kubweza ndalama za adivansi kuyambe kwaima pa miyezi yovutayo.

Masabukontirakitala ang'onoang'ono, a matipa awiri kapena gulu lomanga ngalande za miyala, alibe mafuta a m'thupi oti n'kupirira miyezi iwiri opanda malipiro. Alipireni msanga, ngakhale inu musanalandire zonse. Akabalalika, pobwerera mudzapeza matipa anagulitsidwa, amisiri anapita kwina.

Kuyendera ntchito pa foni kumatheka pa zinthu zina. Chithunzi chikhale ndi deti, tcheniji (nambala yosonyeza malo pa msewu) yolembedwa pa kabolodi, ndi tepi yooneka manambala. Koma pali zina zimene sindivomereza kuti zipite pa chithunzi: zitsulo za mlatho konkire asanathiridwe, pansi pa maziko, ndi kuyendetsa lole yodzadza pa gawo lotsendera kuti muone ngati likunyenya. Zimenezi zimafuna maso ndi phazi la munthu. Konzani kuti woimira injiniya mmodzi azigona pafupi ndi saiti, kuti zipata zikatsekedwa akhale mkati.

Pobwerera

Tsiku lotsegulira, mtima umafuna kuthamanga kuti mubweze masiku otayika. Dzigwireni. Tsiku loyamba yendani msewu wonse wapansi ndi woimira injiniya, mujambule ndi kulemba chilichonse chimene chawonongeka musanakhudze kanthu, chifukwa umenewo ndi umboni wa pempho lanu la nthawi ndi ndalama. Saveya ayendere zikhomo zake zonse, zina zimakhala zitazulidwa kapena kugundidwa. Gawo lililonse limene linatsala pamtunda liyezedwenso, ngakhale linavomerezedwa kale. Makaniko ayambe ndi mabatire, matayala, mabuleki ndi madzi amene amadikha pansi pa matanki a dizilo. Sikelo za makina ophikira phula ndi osakaniza konkire ziyesedwenso.

Anthu nawo amabwerera manja atazizira, ena ataferedwa, maganizo ali kunyumba. Masiku oyambawa ndi amene ngozi zimachuluka, makamaka mukawonjezera maola kuti muthamangitse ntchito. Ine sabata yoyamba sindilola ovataimu, msonkhano wa m'mawa ndimautalikitsa, ndipo gulu lililonse limayamba ndi chigawo chachifupi. Pulogalamu yatsopano muipereke kwa injiniya m'masiku oyamba omwewo, yoonetsa mwezi umene mvula iyambe, chifukwa masabata asanu otayika m'chilimwe angakankhire phula lanu m'dzinja n'kusanduka miyezi inayi. Zimenezo zilowe m'pempho lanu la nthawi, ndi masiku ake owerengedwa bwino.